Chifukwa chake kabotolo kotsuka ndi sopo kamanamiza woyeza magazi

Mwana wa mlongo wanga akuphunzira zaunamwino, ndipo pa tchuthi amadzakhala kwathu ku Mchengautuwa. Tsiku lina madzulo, mvula ikuwaza pamalata monga imachitira kuno ku Mzuzu, anatukula mutu pa zolemba zake n'kundifunsa kuti, "Amalume, inu mumaphunzitsa kemisitiri. Akuti munthu akalumidwa ndi njoka tizithira magazi ake m'kabotolo kagalasi katsopano, kouma, ndipo kasakhale kotsuka ndi sopo. Nanga sopo walakwanji? Ine ndimayesa chotsuka ndiye chabwino."

Kuyeza kumene ankanenako n'kwapafupi. Mumatenga mamililita 2 a magazi a mumtsempha, kuwathira m'kabotolo kagalasi, kukasiya kali phee kwa mphindi 20, kenako n'kukapendeketsa kamodzi. Magazi akakhala kuti aundana, mtima pansi. Akayenderera, ndiye kuti ululu wadya zinthu zoundanitsa magazi, monga umachitira ululu wa nalikukuti ndi wa njoka ya m'mitengo yotchedwa boomslang. Malangizo a bungwe la WHO amachenjezadi kuti ngati chotengeracho si chagalasi, kapena chinatsukidwapo ndi sopo, magazi akhoza kukana kuundana ngakhale munthuyo alibe vuto lililonse. Ndiye taganizani: munthu wabwinobwino kumubaya mankhwala a njoka, amene ndi odula, osowa, ndiponso amadwalitsa anthu ena mwadzidzidzi, chonsecho wolakwa ndi kabotolo.

Chimene ndinafuna kuti mwanayo amvetse n'chakuti galasi pamenepa si chotengera chabe. Limagwira nawo ntchito youndanitsa magaziwo. Ndipo gawo la galasi limene likugwira ntchitoyo ndi lopyapyala moti palibe diso lingalione. Ine ndizilitcha khungu la galasi.

Tiyambire pa dzina la dera lathuli. Anzathu achitumbuka anati Mchengautuwa, kutanthauza mchenga woyera. Mchenga woyera wotere, ngati umene mumaponda ku Chintheche, mbali yaikulu ndi mwala wa quartz, ndipo quartz ndi silika: atomu imodzi ya silikoni pa maatomu awiri aliwonse a okosijeni. Galasi la mabotolo ndi la mawindo ndi mchenga womwewo wosungunulidwa pamodzi ndi soda ndi laimu, ndipo pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse amakhala silika. M'kati mwa silika, silikoni iliyonse yagwirana ndi maokosijeni anayi, ndipo okosijeni iliyonse ili pakati pa masilikoni awiri, ngati ukonde wa asodzi wolukidwa mbali zonse. Koma ukonde umakhala ndi pothera. Pakhungu, maokosijeni ena amatsala ndi dzanja limodzi lopanda chogwira, ndiye akakumana ndi madzi amatolako haidrojeni. Kagulu kameneka, silikoni, okosijeni ndi haidrojeni, amakatcha silanol. Tili tambirimbiri: pa kamalo ka nanomita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi pamakhala masilanol anayi kapena asanu. Nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita.

Masilanol amachita zinthu ziwiri, ndipo nkhani yonseyi yatsamira pa ziwirizo. Choyamba, amakonda madzi ndipo amagwirana nawo. N'chifukwa chake madzi pagalasi loyeradi amayala ngati nsalu, osasiya madontho. Chachiwiri, silanol ndi asidi wofooka: amatha kutaya haidrojeni wake uja n'kutsala ndi chaji ya negetivu, monga mbali imodzi ya batire. Kuchuluka kwa otaya kumadalira pH ya madzi, muyezo wa asidi: asidi akachuluka pH imatsika, akachepa imakwera. Pa pH ya cha m'ma 2, ngati ya madzi a mandimu, khungu limakhala lopanda chaji. pH ikamakwera chaji ya negetivu imachuluka. Pa 7, pamene pali madzi akumwa, ndi pa 7.4, pamene pali magazi, khungu ndi la negetivu ndithu. Pa pH ya chidulo kapena ya soda wamphamvu, kupitirira 9 kapena 10, silikayo amayamba kusungunuka pang'onopang'ono.

Khungu la negetivu silikhala lokha m'madzi. Limaitana maayoni (maatomu okhala ndi chaji) a pozitivu, monga sodiyamu wa mumchere, amene amalizinga ngati nkhungu ya m'mawa pa Viphya. Nkhungu imeneyi imaphimba chaji ya khungu, ndipo kukhuthala kwake kumatsata mchere umene uli m'madzimo. M'madzi a mchere wochepa kwambiri, mphamvu ya khungu imamveka mpaka mananomita 10 kapena kupitirira. M'magazi, mmene mchere ndi wambiri, imathera pasanakwane nanomita imodzi. Ichi muchisunge, chifukwa ndi chimene chimalola kuti zinthu ziwiri za negetivu ziyandikane m'magazi mpaka kukhudzana, pamene m'madzi amvula zikanakankhana zidakali patali.

Tsopano sopo ndi abale ake. Asayansi banja lonseli amalitcha ma surfactant, ndipo muli sopo wamtanda, sopo waufa, wamadzi wotsukira mbale, shampu, ngakhale zina za m'mankhwala otsukira mano. Molekyu iliyonse ya m'banjali inapangika ngati mbululu: mutu wokonda madzi ndi mchira wamafuta, wa maatomu a kaboni 12 mpaka 18. Mchirawo madzi saufuna. Mamolekyu a madzi amagwirana okhaokha momasuka, koma akazinga mchira wamafuta amakakamizika kuima mwadongosolo, ndipo zimenezo sazikonda, choncho amaukankhira kunja. Umathawira pamwamba pa madzi, kapena pa dontho la mafuta, kapena kwa michira inzake. Ma surfactant akachuluka kufika pa mlingo wina, amasonkhana kukhala timipira, michira m'kati, mitu kunja. Timipira timeneti ndi ma micelle, dzina limene James McBain analibweretsa m'nkhani za sopo mu 1913. Mlingo woyambira timipirawo umasiyana. Kwa surfactant wotchedwa SDS, wa mchira wa makaboni 12, ndi magalamu 2.3 pa lita, ndipo kampira kamodzi kamakhala ndi mamolekyu pafupifupi 60. Kwa wina wotchedwa CTAB, wa makaboni 16, ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a galamu pa lita. Mchira ukatalika, kusonkhana kumafulumira.

Chimene chimasiyanitsa abalewa akafika pagalasi ndi mutu. Ena mutu wawo ndi wa negetivu, ena wa pozitivu, ena ulibe chaji.

A mutu wa negetivu ndiwo ambiri m'nyumba zathu: sopo wamtanda, sopo waufa, SDS wa m'labu. Amenewa ndi galasi sagwirizana, poti negetivu ndi negetivu zimakankhana. Amachotsa mafuta pagalasi, koma iwo eni sakhalapo. Anthu ambiri amadabwa akamva izi, koma n'chifukwa chake sopo wotere amatsukuluzika bwino. Pali chimodzi chimene chimasokoneza: kashiamu. Ayoni ya kashiamu ili ndi machaji awiri a pozitivu, ndiye dzanja limodzi imagwira galasi, lina n'kugwira mutu wa sopo. Madzi a m'mijigo ina amene sopo sachitamo thovu ndi amenewo, ndipo kachimbuuzi kotsala pa tambula ikauma ndi sopo wogwirana ndi kashiamu.

A mutu wa pozitivu ndiwo andisangalatsa kwa zaka zonse zimene ndaphunzitsa. Amapezeka m'mankhwala ofewetsera zovala, m'mafuta ofewetsera tsitsi mukatha shampu, ndi m'mankhwala ophera tizilombo monga cetrimide ndi benzalkonium chloride. Kufika kwawo pagalasi kuli ndi magawo. Akakhala ochepa kwambiri m'madzi, amabwera mmodzimmodzi, mutu kumata pa silanol wa negetivu, mchira kutsala ukuyang'ana kumadzi. Galasi lija linali lokonda madzi tsopano lavala ubweya wamafuta, ndipo madzi akagwapo amachita timadontho ngati patsamba la koko. Mukawonjezera, obwera kumene sakufunanso silanol. Akufuna michira ya anzawo amene akhala kale, choncho amamangirira pomwepo n'kupanga timagulu. A. M. Gaudin ndi D. W. Fuerstenau ndiwo anafotokoza timagulu timeneti mu 1955, pofufuza mmene angayandamitsire quartz pa thovu kuti amulekanitse ndi miyala ina ya m'migodi. Mukawonjezerabe, gulu lachiwiri limakhala mozondoka, michira pansi, mitu ya pozitivu kumwamba. Apa zinthu ziwiri zatembenuka nthawi imodzi: khungu labwereranso kukonda madzi, koma chaji yake tsopano ndi ya pozitivu. Mchenga umene unkakankha zinthu za negetivu wayamba kuzikoka. Kumata kumalekera cha pa mlingo uja woyambira timipira, poti kuchokera pamenepo aliyense wowonjezeredwa amangolowa m'timipira ta m'madzi.

Kwa nthawi yaitali anthu ankajambula zimenezi ngati mphasa ziwiri zoyalidwa bwino. Mu 1995 Srinivas Manne ndi Hermann Gaub anazipapasa ndi makina okhala ndi kansonga kakang'ono koyenda pakhungu, n'kupeza kuti pa silika timaguluto ndi tozungulira, ngati timipira tokhazikika pansi, osati mphasa yosalala.

Choopsa cha a mutu wa pozitivuwa chili potsukuluza. Madzi amachotsa gulu lapamwamba mosavuta, chifukwa linangogwirana ndi michira. Gulu lapansi, limene mitu yake yagwira galasi, limakakamira. Mumatsala ndi galasi looneka mbee koma lovala mafuta.

A mutu wopanda chaji, monga Tween ndi Triton a m'labu komanso ena a m'sopo wamadzi, amagwira silanol mofooka, ndipo sakhalapo ambiri kufikira atayandikira mlingo wa timipira, pamene amakhamukira onse pamodzi. Amafuna silanol amene akadali ndi haidrojeni wake, motero pH ikakwera amasiya.

Mapuloteni ndi nkhani ina, yovutirapo. Puloteni ndi mkanda wautali wa ma amino acid a mitundu 20, wopindidwapindidwa kukhala kambulu. Kunja kwa kambuluko kuli zigamba: pena pozitivu, pena negetivu, pena pamafuta. Mukaphatikiza zigamba zonse mumapeza chaji ya puloteni yonse, ndipo nayonso imasintha ndi pH. Puloteni iliyonse ili ndi pH yake imene machaji ake amalingana n'kuthetsana. Ife a kuno timazidziwa zimenezi ngakhale sitizitchula. Mkaka ukamasasa kukhala chambiko, tizilombo timasandutsa shuga wa mumkaka kukhala asidi, pH imatsika, ndipo ikafika cha pa 4.6 puloteni yaikulu ya mumkaka, casein, imataya chaji imene inkaitalikitsa ndi inzake. Zimagundana, zimagwirana, chambiko chakhuthala.

Titenge mapuloteni awiri. Lysozyme, amene Alexander Fleming anamulengeza mu 1922, ali m'misozi, m'malovu ndi m'choyera cha dzira. Wa m'dzira la nkhuku ali ndi ma amino acid 129, ndi wolimba thupi, ndipo chaji yake imathera pa pH ya cha m'ma 11, kutanthauza kuti m'madzi wamba ndi wa pozitivu. Kumata kwake pagalasi sikudabwitsa aliyense. Albumin, puloteni yochuluka kuposa zonse m'madzi a magazi, ili ndi ma amino acid 585 mwa munthu, ndipo chaji yake imathera cha pa 4.7. Pa 7.4 ndi ya negetivu, chimodzimodzi galasi. Mwa malamulo a batire inayenera kukankhidwa. Koma imamata.

Apa ndi pamene ndimachedwa ndi ophunzira anga, chifukwa yankho lili ndi mbali zingapo zothandizana. Mbali ina ndi zigamba zija: puloteni ya negetivu imatha kutembenuzira kugalasi chigamba chake cha pozitivu, ndipo mchere wa m'magazi waphimba kale kukankhana kwa patali. Mbali ina ndi akaidi omasulidwa. Puloteni ikakhala pagalasi, maayoni ndi mamolekyu a madzi amene anamangika pamalowo amamasuka n'kubalalika, ndipo chilengedwe chimakondera kulikonse kumene zinthu zambiri zamasuka. Mbali yachitatu ndi imene Willem Norde wa ku Wageningen ku Netherlands anaitsindika pogawa mapuloteni kukhala olimba ndi ofewa. Olimba, monga lysozyme, amasunga maonekedwe awo, ndipo pakhungu lokonda madzi amamata pokhapokha chaji ikawakoka. Ofewa, monga albumin, akakhudza khungu amamasula mapindo awo ena n'kuphwatalala, ndipo kumasukako kumawapatsa phindu lokwanira kugonjetsa kukankhana kwa chaji. Kawirikawiri mapuloteni amadzazana kwambiri pakhungu pa pH imene chaji yawo yathera, poti pamenepo sakankhana okhaokha.

Nanga akamata, bwanji madzi sawachotsa? Ganizirani bongololo. Mwendo wake umodzi ulibe mphamvu, koma kuti achoke pamalo pamafunika miyendo yonse inyamuke. Molekyu ya sopo imagwira ndi phazi limodzi, choncho imabwera n'kupita. Puloteni imagwira ndi mapazi makumimakumi, ndipo phazi limodzi likanyamuka ena amakhala akugwirabe mpaka lija litabwerera. Komanso nthawi ili kumbali ya puloteni. Ikakhalitsa imaphwatalalabe, mapazi akuchuluka. Tambula ya chambiko yotsukidwa nthawi yomweyo ndi yogonera sizitsukika mofanana, ndipo amayi athu anazidziwa kale izi. Kutentha kumafulumizitsa kuphwatalalako. Magazi, dzira ndi mkaka muyambe mwazitsukuluza ndi madzi ozizira; madzi owira amaziphikira pomwepo.

Kuchepa kwa zinthuzi n'kochititsa chidwi. Mphasa imodzi ya puloteni imalemera mamiligalamu 1 mpaka 5 pa sikweya mita. M'kati mwa tambula yomwera madzi muli malo ochepa kwambiri poyerekeza ndi sikweya mita, moti puloteni yokwanira kuphimba galasi lonselo ili cha m'ma gawo limodzi mwa magawo 10 a miligalamu kapena kucheperapo. Simungaione, simungaikhudze, koma chilichonse cholowa m'tambulamo chimakumana ndi iyo, osati ndi galasi.

M'magazi muli mapuloteni a mitundu yambiri, ndipo onse akufuna malo omwewo. Leo Vroman, wobadwira ku Netherlands amene anakagwira ntchito ku New York, anaona m'zaka za m'ma 1960 kuti malowo amasinthana manja. Oyamba kufika ndi ochuluka ndi opepuka, makamaka albumin, imene ili pafupifupi magalamu 40 pa lita. Posakhalitsa amachotsedwa ndi ochepa koma ogwira mwamphamvu, monga fibrinogen, imene ndi yaitali ngati kandodo ka mananomita 45 ndipo ili magalamu 2 mpaka 4 pa lita. Nayonso fibrinogen pagalasi imachotsedwa ndi ina yosowa kwambiri, kininogen wamkulu. Zili ngati pamsika m'mamawa: ofulumira amayala malonda pabenchi, eni benchi akafika amawasuntha. Zonsezi zimachitika m'masekondi ndi mphindi zoyambirira.

Pakati pa ofika pagalasiwo pali puloteni yotchedwa factor XII. Mbiri yake ndi iyi. Mu 1955 dokotala Oscar Ratnoff wa ku Cleveland ku America anafotokoza za John Hageman, wogwira ntchito ku njanji, amene magazi ake ankachedwa kwambiri kuundana m'kabotolo kagalasi, chonsecho mwini wake sankataya magazi mwachilendo akavulala. Chimene chinkasowa m'magazi ake ndi puloteni imeneyi, ndipo mpaka lero ena amaitcha Hageman factor. Factor XII ikakhudza khungu la negetivu ngati la galasi imasintha maonekedwe n'kudzuka. Ikadzuka, mothandizana ndi puloteni ina yotchedwa prekallikrein ndi kininogen uja, imadzutsa factor XI, iyo n'kudzutsa ina, mpaka yotchedwa thrombin itadula fibrinogen kukhala ulusi wa fibrin umene umakola maselo a magazi. Pathupi, chilonda chili ndi njira yakeyake yoyambitsira kuundana, n'chifukwa chake bambo Hageman ankakhala bwinobwino. M'kabotolo mulibe chilonda. Woyambitsa ndi galasi. Opanga timabotolo tapulasitiki totengera magazi amadziwa zimenezi, moti ta chitsekerero chofiira kapena chagolide amatipaka fumbi la silika m'kati kuti magazi aundane.

Tsopano sopo akakumana ndi puloteni imene yakhala kale pagalasi, chimachitika n'chiyani? Ofufuza a ku Lund ku Sweden, monga Marie Wahlgren ndi Thomas Arnebrant, anathera zaka zambiri pa funso limeneli, akuyeza kukhuthala kwa mphasa ya puloteni ndi kuwala. Wa mutu wa negetivu, monga SDS, galasi alibe nalo ntchito. Amalimbana ndi puloteniyo. Mitu yake imagwira zigamba za pozitivu, michira imalowa m'kati mwamafuta mwa puloteni n'kuimasula. Galamu imodzi ya puloteni imatha kunyamula magalamu 1.4 a SDS. Pomaliza puloteniyo yasanduka chingwe chodzala ndi chaji ya negetivu, galasi nalo ndi la negetivu, ndiye zimakankhana, puloteni n'kunyamuka. Uku ndiko kutsuka kwenikweni: wochotsa ndi wochotsedwa amachokera limodzi. Koma sopoyo akhale wokwanira. Akachepa amangokhala pamwamba pa puloteni osainyamula. Wa mutu wa pozitivu amachotsa puloteni mwa kuilanda malo, ndiye iye n'kutsala pomwepo. Wopanda chaji ndi wofatsa, sasokoneza mapindo a puloteni, ndipo pagalasi loyera sachotsa zambiri. Luso lake ndi kutchinga: n'chifukwa chake m'makatemera ena ndi m'mankhwala ena obaya opangidwa ndi mapuloteni amaikamo pang'ono wopanda chaji wotchedwa polysorbate, kuti mankhwalawo asathere m'makoma a botolo kapena kuundana. Puloteni yokhalitsa imakanika ngakhale kwa SDS, ndipo apa m'pamene sopo waufa wina amabwera ndi ma enzyme odula mapuloteni, kuti bongololo adulidwe zidutswa za miyendo yochepa.

Sindikufuna kuti muganize kuti kumata kwa puloteni pamchenga ndi tsoka lokhalokha. Mbewu za chammwamba zili ndi timapuloteni tating'ono ta pozitivu kwambiri. Dothi ndi fumbi la mchenga zimene zimadetsa madzi a mumtsinje nthawi ya dzinja ndi za negetivu, zimakankhana, n'chifukwa chake sizikhazikika pansi ngakhale ndowa itagona. Puloteni ya chammwamba imamata pa tinthuto, kuthetsa chaji, n'kutilumikiza kukhala timibulu tolemera. Ndi ntchito yomwe mankhwala otchedwa alamu amagwira pamalo oyeretsera madzi. Njirayi inayesedwa pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo mu 1994 ndi ofufuza a ku yunivesite ya Leicester. Mu 2010 Habauka Kwaambwa, Maja Hellsing ndi Adrian Rennie anayeza ndi ma neutron, tizidutswa ta m'kati mwa atomu, mmene puloteniyi imakhalira pa silika. Anapeza mphasa yothinana ya mamiligalamu 5.5 pa sikweya mita, yokhuthala kupitirira mananomita 6, kusonyeza kuti mamolekyu amasanjikizana, osati kukhala mmodzimmodzi. Atathira SDS, anaona kuti nayenso akumata pa mphasayo. Ku Penn State ku America, Stephanie Velegol ndi anzake anatembenuza nzeruyi: kuviika mchenga m'madzi a chammwamba, kutsukuluza zotsala zonse, n'kutsala ndi mchenga wovala puloteni ya pozitivu umene umagwira tizilombo ndi dothi. Ubwino wake ndi woti ufa wa mbewu wotsala m'madzi, umene umadyetsa tizilombo madziwo akakhalitsa, wachotsedwa. Kukakamira komwe kumativutitsa pa tambula ndiko kukugwira ntchito pamenepa. Ndimalakalaka ophunzira athu a sayansi kuno kumpoto atamayesa zimenezi ndi mchenga wathu womwewu, poti mtengowo umamera bwino m'madera otentha a kunyanja.

Nditafika apa, mwana wa mlongo wanga anali atayamba kudziyankha yekha. M'kabotolo kotsukidwa muli okayikiridwa angapo. Pali puloteni ya magazi a munthu wapitayo, imene yakhalitsa ndipo mwina inaphikidwa ndi madzi otentha. Pali zotsalira za sopo: za mutu wa pozitivu ngati kananyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo, zopanda chaji, kapena za negetivu zimene kashiamu wazimangirira kapena zangoumira pomwepo chifukwa chotsukuluza mothamanga. Chilichonse mwa izi chimaima pakati pa silanol ndi factor XII. Puloteniyo ikafika sipeza galasi, sidzuka, ndipo mphindi 20 zimatha magazi akadali madzi. Jakisoni wapulasitiki naye alibe silanol ndi mmodzi yemwe.

Tinapita kukhitchini. Ndinatenga matambula awiri agalasi, kuwatsuka ndi sopo wambale n'kuwatsukuluza kangapo. Imodzi ndinainyika m'beseni la madzi mmene ndinadonthezamo mankhwala ofewetsera zovala, n'kuitsukuluzanso katatu pampopi. Atawanyamula kuyang'anitsa ku babu, onse anali mbee. Koma m'tambula yoyamba madzi ankatsika ngati nsalu imodzi, pamene m'yachiwiri anang'ambika n'kutsala timadontho m'mbali monse.

Anayang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Nanga amalume, ndikadzakhala ku chipatala chaching'ono kumudzi, usiku, timabotolo tatsopano tatha, ndidzatani?"

Ndinamuuza zimene malangizo omwewo amanena pamene pali chikaiko. Utenge timabotolo tiwiri tofanana. M'kena uthire magazi a wodwala, m'kena a munthu wabwinobwino, kaya ndi m'bale amene wamuperekeza, ndipo tonse tidikire mphindi 20 pamalo amodzi. A m'baleyo akaundana koma a wodwala ayi, vuto lili m'magazi a wodwala. Onse awiri akakana, usakhulupirire timabotoloto, funa tina. Analemba zimenezo m'mphepete mwa tsamba, n'kubwerera kukhitchini kukatsukanso tambula yachiwiri ija, poti m'mawa inali yomwera tiyi agogo ake.